Lipoti la ulendo wathu wa ku München ndi ku Salzburg pokonzekera mayeso omvetsera Chijeremani

Gulu lathu la ophunzira Chijeremani ochokera ku Malawi ndi ku Zambia, amene tikukhala mumzinda wa Hannover ku Germany, linayenda ulendo wa masiku atatu kupita ku München, kumwera kwa dzikoli, ndi ku Salzburg ku Austria, ndipo ndapemphedwa kulemba zimene tinakachita kuti anzathu amene anatsala adziwe. Tinalipo anthu 11 kuphatikiza aphunzitsi athu. Ophunzira tonse tikukonzekera mayeso a chilankhulo cha Chijeremani otchedwa Goethe-Zertifikat B1, ndipo chimene chatisautsa kwambiri ndi gawo lomvetsera, limene eni ake amalitcha Hören.

Hannover, mzinda umene uli paubale ndi Blantyre kuyambira mu 1968, umatchuka kuti anthu ake amalankhula Chijeremani chomveka bwino, chofanana ndi cha m'mabuku. Umenewu ndi mwayi kwa wophunzira, koma khutu limene lazolowera kalankhulidwe kamodzi limadzazizwa pa tsiku la mayeso, pakuti mayesowa anakonzedwa mogwirizana ndi bungwe la Goethe-Institut la ku Germany, bungwe la ÖSD la ku Austria ndi yunivesite ya Freiburg ya ku Switzerland, ndipo mawu amene amamveka ndi a anthu a mayiko onse atatu. N'chifukwa chake aphunzitsi anasankha kuti tilowere kumwera.

Phunziro linayambira pa siteshoni. Aphunzitsi anatiletsa kuyang'ana pa zikwangwani kapena pa foni, natiuza kuti aliyense amvetsere chimkuzamawu n'kulemba nambala ya sitima, nthawi ndi pulatifomu. Izi n'zofanana ndi chigawo choyamba cha mayeso, chimene chimakhala ndi mauthenga afupiafupi asanu monga zolengeza ndi mauthenga osiyidwa pa foni, kungoti pa mayeso uthenga uliwonse umamveka kawiri pamene pa siteshoni pamakhala phokoso la anthu ndi la masitima. Apa m'pamene tinaona kukula kwa vuto la manambala. Mjeremani potchula 26 amati sechsundzwanzig, kuyamba ndi 6 kenako 20, ndipo anthu anayi mwa ife analemba 62. Langizo limene tinalandira ndi lakuti uzilemba kaye nambala imene wayamba kumva n'kusiya mpata kumanzere kwake. Nkhani ya nthawi inativutanso madzulo, aphunzitsi atanena kuti tikumane m'mawa halb acht: ena anamva ngati hafu pasiti eyiti monga tinazolowerera kwathu, chikhalirecho mawuwa amatanthauza 7:30.

Ku München tinalandiridwa ndi gulu lina la ophunzira, ambiri a iwo ochita maphunziro a unamwino, ndipo tinalemba nawo limodzi mayeso oyeserera. Gawo lomvetsera limatenga pafupifupi mphindi 40, lili ndi zigawo zinayi ndi mafunso 30, ndipo kuti munthu akhoze ayenera kupeza mamalikisi 60 pa 100, kutanthauza mayankho olondola 18. Ine ndinapeza 17, ndipo zinandiwawa chifukwa ndinali nditawerenga kwambiri. Mlongo wina wa gululo, amene anakhoza kale, anandionetsa pamene ndinalakwa. Ndinkasankha yankho lililonse limene linali ndi liwu limene ndalimva, pamene okonza mayeso amaika dala liwu lotere mu yankho lolakwika, ndipo yankho lenileni amalinena m'mawu ena. Anatiuzanso kuti timphindi timene amapereka nkhani isanayambe si topumira, koma towerengera mafunso ndi kudula mzere kunsi kwa mawu ofunika. Pa chigawo chachitatu, chimene ndi macheza a anthu awiri omveka kamodzi kokha, funso likakupita uyenera kulisiya msanga, apo ayi umataya enanso awiri ukuganizira limodzi. Kwa ine malangizo amenewa ndiwo anali phindu lalikulu la ulendo wonse.

Tsiku lachitatu tinakwera sitima ya m'chigawo kupita ku Salzburg, ulendo wa pafupifupi maola awiri, ndipo tikiti ya pamwezi yoyendera masitima a m'zigawo ku Germany, yotchedwa Deutschlandticket, imafika mpaka kumeneko ngakhale mzindawu uli m'dziko la Austria. Chigawo chachiwiri cha mayeso nthawi zambiri chimakhala munthu mmodzi akulankhula kwa gulu, monga woonetsa alendo malo, ndipo chimamvekanso kamodzi kokha. Choncho tinalipira mayi wina woonetsa alendo amene anatiyendetsa mpaka ku linga la Hohensalzburg, limene linayamba kumangidwa mu 1077, ndipo aphunzitsi anamupempha kuti asachepetse liwiro polankhula. Mayiyo anatilonjera kuti Grüß Gott, mwezi wa Januwale anautchula Jänner, ndipo pa msika tinamva mbatatesi akuitcha Erdäpfel m'malo mwa Kartoffeln. Poyamba ndinkangotola liwu apa ndi apo, koma patapita kanthawi khutu linakhazikika, ndipo ndinayankha bwino mafunso anayi mwa asanu amene aphunzitsi anakonza.

Pobwerera tinagwirizana m'sitima kuti Loweruka lililonse tizilemba mayeso oyeserera athunthu, osaimitsa kapena kubwereza mawu kupitirira mmene malamulo amalolera, ndiponso tiziyeserera kusamutsa mayankho kupita pa pepala loyankhira m'mphindi zisanu zomaliza. Mkati mwa sabata aliyense azimvetsera nkhani za wailesi ya ku Germany ya Deutsche Welle zowerengedwa pang'onopang'ono, kenako wailesi ya ORF ya ku Austria ndi ya SRF ya ku Switzerland, makamaka zokambirana za anthu atatu, popeza chigawo chachinayi chimafunsa kuti ndani wanena chiyani. Anzathu awiri amene analephera Hören pa mayeso apitawa adzalembanso gawo lokhalo, chifukwa mayeso a B1 amalola kulemba gawo lililonse palokha, ndipo iwowo ndiwo adzatsogolera Loweruka loyamba.