Mmene ndinalowera m'buku la mbiri ya banja la apongozi

Abale, ine pakamwa pangapa padzandiphetsa tsiku lina. Ndinangotulutsa mawu ochepa pa tebulo tikudya nkhomaliro ya Lamulungu kwa apongozi, koma mpaka lero madamu akangoona munthu wa panjinga pamsewu amayamba kuseka okha mpaka misozi.

Apongozi anga aamuna ndi mzungu wa kuno ku Chelmsford, ku Essex, ku England, injiniya wa magetsi wopuma pantchito, zaka 74 koma miyendo ngati mitengo ya bulugamu. Mdalayu ali ndi matenda awiri, njinga ndi makolo. Makolo ake osati othirira nsembe pansi pa mpoza ayi, iwo amakhala pa kompyuta usiku wonse kufukula mayina a azigogo awo m'mapepala a kalembera. Kunotu boma limabisa mapepala amenewa zaka 100, ndiye pomwe a 1921 anatuluka mu 2022 mdala anavina ngati Flames yachinya, koma mukangowakumbutsa kuti a 1931 anapsa ndi moto mu 1942 amangoti zyolii ngati pachitika maliro.

Nkhani yaikulu m'banjamo ndi ya agogo awo aamuna. Akuti ankagwira ntchito kwa Colonel Crompton, ndipo dzina limeneli apongozi amalitchula ngati akutchula mneneri. Crompton ameneyu anabadwa mu 1845 ku Yorkshire, anakhalako msilikali ku India, kenako anadzatsegula fakitale ya zamagetsi muno mu Chelmsford yotchedwa Arc Works, nkumapanga nyali ndi majenereta, mpaka kukaika magetsi pa siteshoni ya King's Cross ku London komanso ku Vienna. Anafa mu 1940 ali ndi zaka 94, ndipo naye anali chidakwa cha njinga, nchifukwa chake apongozi amamukonda kawiri. Azakhali awo ankanena kuti agogowo anali dzanja lamanja la Colonel, eti ankapalasa limodzi njinga Loweruka. Koma pepala la kalembera wa 1911, lomwe agogowo analemba ndi dzanja lawo, likungonena kuti anali wokulunga mawaya a mamota basi. Mwaonatu, bodza la m'banja si la kwathu kokha kumene aliyense agogo ake anali nduna ya Gomani.

Chinatsala chinali kupeza manda a agogowo, pa tchalitchi cha kamudzi kena kupitirira Writtle. Apongozi anati apita pa njinga. Ine mmalo momeza mbatata yanga mwakachetechete ndinati, Bambo, njinga ndiye ine ndinabadwa nayo, ku Dedza ndinkakweza matumba awiri a kachewere pa kaliyala ya Humber nkukwera nawo chitunda osatsika, buleki ndinkamanga ndi phazi. Zoona zake linali thumba limodzi ndipo chitundacho ndinkakankha, koma ndani akanakafufuza. Madamu anandiponda phazi pansi pa tebulo, ine osamva. Maso a mdala anawala. Anati Loweruka 7 koloko.

Loweruka ndafika andikonzera kale zonse. Njinga yake ndinainyamula ndi zala ziwiri, yopepuka ngati nkhuku yachikuda, matayala kuonda ngati chala changa chachikulu, chishalo ngati mpeni wosendera mbatata, kaliyala palibe, ndinadzifunsa kuti nanga njinga yopanda kaliyala ntchito yake nchani. Kenako anandipatsa zovala. Kabudula wothina wokhala ndi malamba okoleka m'mapewa, mkati mwake asokereramo kathewera konenepa, ndipo mdala akundiuza nkhope ili gwa kuti ameneyu amavala opanda panti. Amwene, apongozi kundiuza za panti! Kwathu mkamwini ukaona apongozi aakazi akubwera umapatuka kulowa m'tchire, pano ndikukambirana za mkati ndi bambo a mkazi wanga mu galaja.

Ndinakavala ku bafa. Nzeru zanga zinandiuza kuti thewera lija ndi lotchinjiriza katundu wofunika ukagwa, ndiye ndinaliika kutsogolo. Ndinatulukira ku kitchini komwe apongozi aakazi ankathira tiyi, mayi aja anandiyang'ana kamodzi, kenako anayamba kuyang'anitsitsa ketulo ngati ayiona koyamba. Anangoti, mumwa ndi shuga? Madamu ndi amene anandikokera pakhonde akulephera kupuma, akuti bwerera ukatembenuze msanga amayi asanakomoke. Chifukwa cha manyazi ndinamwa makapu atatu a tiyi kuti ndipeze poyang'ana. Makapu amenewa muwasunge, abweranso.

Nsapato ndiye zinandimaliza. Pansi pake pali kachitsulo komwe kamalowa mu pedulo nkuti khee, phazi ndi njinga kukhala thupi limodzi ngati ukwati wa ku Katolika. Pofuna kutsika umapotoza chidendene kunja. Mdala anandionetsa katatu, ine ndinati ndamva Bambo, zazing'ono izi.

Poyamba zinkakoma, ndisaname. Ukangoponda kamodzi njinga imauluka yokha, ndinafika podzimva ngati ndili pa TV. Tinalowa mu Writtle Road, apongozi kutsogolo akuloza ndi dzanja kuti apa mpamene fakitale ya Crompton inasamukira itapsa yoyamba ija mu 1895, agogo ankalowa apa m'mawa uliwonse. Maloboti anafiira. Mdala anaima bwinobwino, phazi pansi. Ine ndinamanga buleki, njinga inaima, ndakoka phazi lamanzere lakana, lamanja lakana, za chidendene zija zauluka m'mutu, ndikungokoka m'mwamba ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo. Ndinagwa pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko, mpaka ndinali ndi nthawi yoonana maso ndi kamwana kali mu galimoto yapambali. Phii! Njinga pamwamba ine pansi, mapazi akadali momwemo, matayala akuzungulira m'mwamba. Gogo wina anatsitsa windo kufunsa ngati ndili bwino, ine chigonere pa tala ndikuyankha kuti ndili bwino kwambiri zikomo. Apongozi anati usadandaule mwana wanga, aliyense amagwa kamodzi. Ine ndinagwa katatu tisanafike ku Writtle, komwe sikufika ndi mamailosi atatu omwe.

Pa Writtle mdala anayamba phunziro lina, za anyamata a kampani ya Marconi omwe ankaulutsa mawu pa wailesi kuchokera mu kanyumba kamatabwa mu 1922, koma ine sindinkamvanso kanthu chifukwa chishalo chinali chitandigawa pakati ndipo tiyi uja anali atafika pa boda akufuna chiphaso.

Tinafika pa tchalitchi chija, chakale chamiyala, manda ali mbali zonse, opanda mpanda weniweni, opanda mfumu yopempha chilolezo, anthu akungodutsa ndi agalu awo pakati pa ziliza. Apongozi anatulutsa kapepala nkuyamba kuwerenga chiliza chimodzichimodzi. Ine kutaya madzi kumanda sindingayerekeze, ndinaleredwa bwino, ndiye ndinazemba kuseri kwa mitengo komwe manda amathera nkuyamba dambo la ng'ombe. Kuyenda ndi nsapato zija pa udzu wonyowa kuli ngati bakha wavala gogoda. Ndiye kabudula wa malamba uja, kuti uchite chilichonse uyenera kuvula malaya kaye, kutsitsa malamba, ntchito yonse. Ndili mkati mwa pulogalamu, malaya pakhosi, phazi linatsetsereka pa ndowe. Dzanja linafuna pogwira. Pafupi panali kachingwe koyera kokungidwa pa timitengo, kooneka kosalakwa ngati koyanikapo zovala.

Mayo ine. Chinandimenya kuchokera m'chikhatho kukatulukira ku chala cha kuphazi, ndisanamvetse chinabweranso, thii, kenako thii kachitatu. Ndinakuwa mu Chichewa chenicheni cha kwa Kachindamoto, ndinaitana amayi anga omwe ali ku Dedza, ng'ombe zonse zinadzutsa mitu. Nditasiya chingwecho ndinagwa chagada m'zitsamba zobiriwira bwino, zomwe ndinadziwa pompo kuti ndi chitedze cha azungu, amati nettle. Chimaotcha ngati wakhalira mbaula, ndipo kumbukirani kuti kabudula anali m'maondo, panti ndinamusiya ku Chelmsford molamulidwa.

Apongozi anabwera akuthamanga. Ndinkaganiza kuti andidzutsa. Ayi ndithu, anayamba ayang'ana kaye kabokosi ka batire kali pa mtengo, nkugwedeza mutu mokhutira. Akuti usaope, fensi imeneyi imatumiza mavolt masauzande angapo koma kwa kanthawi kochepetsetsa, kamodzi pa sekondi iliyonse, nchifukwa chake siipha ng'ombe, ndipo wamva bwino chonchi chifukwa pansi mponyowa, magetsi apeza njira yabwino yobwerera. Kenako akundifunsa mwachidwi, wagwidwa kangati? Ndinati katatu. Akuti ndiye kuti unagwira masekondi atatu, mawerengedwe akugwirizana. Munthu ndikupsa kumbuyo, iwo akuchonga masamu.

Anandithyolera masamba ena aakulu otchedwa dock omwe azungu amati ukapaka amaziziritsa, ndipo anatembenuka mwaulemu kuti ndidzithandize. Ndinapaka, ena ndinangowalowetsa mu kabudula momwemo, ena m'malamba, ena anatsalira akulendewera. Miyendo inkanjenjemera ndiye ndinadzikoka nkukakhala pa kamwala kena kozizira kodzaza ndere m'mphepete mwa manda, za ulemu wa akufa ndinali nditaziiwala. Amayi awiri okalamba omwe ankakonza maluwa mu tchalitchi anatuluka atamva kukuwa kuja, anandiona, anapatsa moni apongozi, anakambirana zoti kunja kwacha bwino, nkubwerera.

Ndikupuma choncho ndinaona mdala akuyang'anitsitsa pakati pa miyendo yanga. Ndinati zayambikanso. Anagwada, anachotsa magalasi, nkuti, mwana wanga tatambasula pang'ono. Anayamba kupala ndere ndi kiyi. Zilembo zinatuluka chimodzichimodzi. Abale, ndinali nditakhalira agogo.

Mdala analira misozi yeniyeni, anandikumbatira, akuti zaka 6 akufunafuna ndipo pakanapanda ine sakanayang'ana kumapeto kuno. Ndinafuna kudzuka koma anati ayi khala pomwepo, iweyo ndi amene wapeza, nkutulutsa foni. Kubwerera ndinakana njinga, madamu anabwera ndi galimoto, ndinagona chafufumimba ku mpando wakumbuyo ulendo wonse iwo akuimika kawiri kuti amalize kuseka.

Pa Khirisimasi apongozi anasindikiza buku la mbiri ya banja, makope 30, ena anapita kwa abale awo ku Australia ndi ku Canada. Muli chithunzi cha Colonel Crompton, muli pepala la 1911 lija, ndipo tsamba lotsatira ndi ine, helimeti yapendekeka, maso ofiira, masamba akutuluka paliponse, nditakhala pa chiliza. Madamu anajambula tsambalo nkuponya pa gulupu ya WhatsApp ya kwathu. Mawa lake amayi anaimba, sanapereke ndi moni womwe, akuti iwe, tinakulera mu CCAP, wapita mpaka ku England kukalowa gule?