Mankhwala a tulo a ku China ndi achibale awo, masau athu

Kuno ku Angónia masau sabala bwino chifukwa cha kuzizira, ndiye timadalira anzathu a kuchigwa cha Zambezi. Ikafika miyezi ya Juni ndi Julayi matumba amayamba kukwera kuchokera mbali za Changara ndi Moatize, ena aawisi, ena ouma, ndipo ena mwa masauwo amathera mu kachasu, koma imeneyo ndi nkhani ina. Mtengo wa masau uli ndi m'bale wake kumpoto kwa China. Onse ndi a mtundu wa Ziziphus. Wathu ndi Ziziphus mauritiana, wawo ndi Ziziphus jujuba waminga uja womera wokha m'mapiri ouma a ku Hebei ndi Shaanxi. Ife timadya chipatso n'kulavula nthanga. Iwo amaswa nthangayo, kutulutsa kanjere kofiirira ka mkati, kukakazinga pang'ono, ndipo ameneyo ndiye mankhwala awo otchuka kwambiri a tulo. Amawatcha suan zao ren.

Ndinayamba kuzitsata izi chifukwa cha azakhali anga. Chimwalirireni amuna awo tulo tinawathawa. Amagona bwinobwino madzulo, koma pakati pa usiku maso gwa, mtima ukuthamanga, mpaka tambala woyamba. Masana amangoyasamula, nthawi zina misozi osadziwa chowaliza. Alamu anga amayendetsa thiraki kupita ku Johannesburg, ndipo ulendo wina anabwera ndi kabokosi kobiriwira, mkati muli timapaketi ta ufa wosungunula m'madzi otentha. Zolemba zonse za Chitchaina. Anandiitana ine poti ndine mphunzitsi, ngati kuti ku sukulu timaphunzitsanso Chitchaina. Ndinajambula bokosilo ndi foni, foni inamasulira, ndipo dzina linatuluka: Suan Zao Ren Tang.

Alamu sanagule zachabechabe. Msakanizo umenewu unalembedwa ndi sing'anga Zhang Zhongjing cha m'ma 200, kumapeto kwa ufumu wa Han, ndipo umapezeka m'buku lotchedwa Jin Gui Yao Lue. Muli zinthu zisanu: kanjere kaja, fu ling amene ndi bowa womera pansi pa nthaka pa mizu ya paini, mizu iwiri yotchedwa zhi mu ndi chuan xiong, ndi gan cao, muzu wotsekemera kwambiri umene amauika pafupifupi paliponse. Zaka zoposa 1,800 zapita anthu akumwabe zomwezo.

Chimene chinandigwira mtima ndi kaganizidwe kawo. Kwa asing'anga a ku China, maganizo a munthu, amene iwo amati shen, amakhala mu mtima, ndipo usiku amayenera kukhazikika m'magazi kuti munthu agone. Magazi akachepa mphamvu chifukwa cha kutopa, matenda kapena chisoni, maganizo amasowa pokhala ndipo amangoyendayenda. Mutha kutsutsa kuti thupi siligwira ntchito choncho, ndipo madokotala a lero angakuvomerezeni. Koma taonani chimene chimatuluka m'kaganizidwe kameneka: sing'anga wawo sapereka mankhwala asanafunse kuti kusagona kwanu n'kotani. Kodi mumavutika kuti tulo tibwere, kapena mumadzidzimuka pakati pa usiku? Mumatuluka thukuta? Kukhosi kumauma? Mumalota kwambiri? Ndinu wokwiya kapena wamantha? Amakuyang'anani lilime, amagwira mtsempha wa pa mkono ndi zala zitatu, manja onse awiri. Wokwiya amapatsidwa zina, wofooka zina. Suan Zao Ren Tang ndi wa munthu wotheratu mphamvu amene ngakhale watopa chotani akulephera kugona. Kabokosi kogulidwa pa shelefu kamadumpha mafunso onsewa.

M'buku lomwelo muli msakanizo wina umene ndinauwerenga kawiri, chifukwa unali ngati ukunena azakhali. Zhang Zhongjing akufotokoza za mayi amene amangomva chisoni, kufuna kulira, kuyasamula kawirikawiri, ndipo amaoneka ngati wagwidwa ndi mizimu. Kwathu kuno munthu wotere tikudziwa kumene abale amathamangira naye. Iye analemba zinthu zitatu zokha: gan cao, tirigu, ndi zipatso zotsekemera za mtengo wa mtundu womwewo wa Ziziphus. Dzina lake Gan Mai Da Zao Tang. N'chakudya ndithu, chophikidwa pamodzi n'kumwa msuzi wake.

Tsono wina asathamangire kukaswa nthanga za masau. Amalonda a ku China anaziganiza kale zimenezo. Njere za Ziziphus mauritiana zimalowa m'misika yawo kuchokera ku Myanmar ndi Yunnan, amazitcha li zao ren, n'zotchipa, ndipo achinyengo amazisakaniza ndi zenizeni. Buku la boma la mankhwala ku China silizivomereza kuti ndi suan zao ren, chifukwa muyeso wa zinthu za mkati mwake, monga jujuboside A, si wofanana.

Kodi amagwiradi ntchito? Kafukufuku alipo, wambiri wochitikira ku China komweko, ndipo wina amaonetsa kuti anthu amagona bwinoko. Vuto n'lakuti ambiri mwa mayesowo anali a anthu ochepa komanso osakonzedwa mwamphamvu. Ine sindinyoza zitsamba za ku China, ndinganyoze bwanji pamene Coartem amene timamwa tikadwala malungo anachokera ku chitsamba chawo cha qinghao? Mayi Tu Youyou, wasayansi wa ku China, analandira mphoto ya Nobel mu 2015 pa ntchito imeneyo. Koma pakati pa chitsamba ndi piritsi lija panadutsa zaka zambiri za kuyesa, ndipo mankhwala a tulo sanafike pamenepo.

Kabokosi kaja azakhali sanakamwe, ndipo chinaletsa ndi gan cao. Muzu umenewu ukamwedwa masiku ambiri umachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi, kutaya potaziyamu, ndipo BP imakwera. Azakhali amamwa kale mapiritsi a BP. Titapita nako kuchipatala, anamwino anangomva dzina lakuti Glycyrrhiza, lomwe ndi dzina la sayansi la gan cao, n'kunena kuti, "Amayi, izi ayi, musiyireni wina." Alamu anakhumudwa pang'ono, ndalama zawo zinali zitapita, koma anamvetsa. Anamwinowo anafunsanso zimene ife sitinafunse: amamwa tiyi nthawi yanji, amagona ndi ndani m'nyumba. Zinapezeka kuti amamwa tiyi wakuda wamphamvu asanagone, amagonanso masana pofuna kubweza tulo ta usiku, ndipo m'nyumba monse anali okhaokha. Tiyi wamadzulo anasiya, mdzukulu wawo anasamukira komweko, amayi a chigwirizano anayamba kuwatenga popita kukaona odwala. Tulo tikubwerera pang'onopang'ono, ngakhale masiku ena amadzukabe.

Pali zina zoopsa kuposa gan cao, ndipo poti mabokosi otere akuchuluka m'zikwama za oyenda ndi pa Facebook, ndizitchule. Mapiritsi ena akale okhazika mtima pansi, monga Zhu Sha An Shen Wan, ali ndi zhu sha, mwala wofiira umene ndi mekyule wosakanikirana ndi sulufule. Inde, mekyule yemwe uja okumba golide ku Chifunde ndi Macanga amagwirira golide. Akaunjikana m'thupi amawononga impso ndi ubongo. Ye jiao teng, mpesa wa chomera cha he shou wu umene umaikidwa m'misakanizo yambiri ya tulo, wadziwika kuti umatupitsa chiwindi mwa anthu ena. Ndipo nthawi zina cholembedwa pa bokosi si chimene chili mkati. Ku Brussels, ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe muzu wina unalowetsedwa m'malo mwa unzake chifukwa cha kufanana kwa mayina.

Chomaliza chikukhudza ambiri a ife, ngakhale sitikonda kuchitchula pagulu. Misakanizo ina ya nkhawa ndi tulo imakhala ndi mu li, zigoba za nkhono za m'nyanja yamchere, ndi long gu, mafupa a nyama zakalekale osanduka mwala. Zonsezi ndi kashiyamu. Ma ARV amene anthu ambiri akumwa masiku ano ali ndi dolutegravir, ndipo kashiyamu amamata mankhwala amenewa m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi. N'chifukwa chake lamulo lake ndi kumwa ARV maola awiri musanamwe chilichonse cha kashiyamu, kapena patapita maola asanu ndi limodzi mutamwa kashiyamuyo. Komanso dolutegravir payekha amasowetsa tulo anthu ena, ndipo kwa ambiri kungosintha n'kumamwa m'mawa kumathandiza, osagula kanthu. Ngati wina wakubweretserani bokosi, lijambuleni ndi foni, fufuzani mayina awa: Zhu Sha kapena Cinnabaris, Gan Cao kapena Glycyrrhiza, Mu Li kapena Ostrea, Long Gu, Ye Jiao Teng kapena Polygonum. Kenako mupite nalo bokosilo kuchipatala tsiku lokatenga mankhwala anu, anamwino akaliwone musanatsegule.