Sabata yopeta malonjezo ku South Bend

Ntchito yanga pa kampeni ino ndi yolemba mfundo. Mayi amene anandilemba ntchito akufuna mpando ku House of Representatives, nyumba ya aphungu 435 ya ku Washington, likulu la America, kukaimira dera la kumpoto kwa Indiana komwe kuli mizinda ya South Bend ndi Elkhart. Dzina lawo ndi chipani chawo sinditchula. Chisankho chachipulula ku Indiana chimachitika mu May, ndiye masabata ano tulo tachepa. Lolemba m'mawa anandipatsa pepala lolembedwa kutsogolo ndi kumbuyo, lodzaza zimene akufuna kulonjeza anthu, nati: "Pofika Lachisanu pa mtsutso zikhale zitatu basi."

Popeta ndimafunsa mafunso awiri. Kodi Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ili ndi mphamvu pa chinthu ichi? Nanga ndalama zake zichokera kuti? Funso loyambalo linagwetsa theka la pepala tisanadye nkhomaliro. Maenje a m'misewu ya m'tauni ndi a khonsolo, malipiro a aphunzitsi ndi a boma la Indiana ndi mabodi a sukulu, msonkho wa nyumba sukhudza Washington. Ife amene tinakulira kumudzi tinazolowera phungu wogula mabokosi a maliro ndi kukonza mijigo, koma wa kuno amaimira anthu pafupifupi 760,000, amakhala zaka 2 zokha asanabwererenso kwa ovota, ndipo chida chake chenicheni ndi voti imodzi ndi mpando wa m'komiti. Kuyambira 2021 aphungu amaloledwanso kupemphera madera awo ndalama za zitukuko zina, koma pempho lililonse limadutsa m'komiti yogawa ndalama za boma. Kulonjeza mlatho pa msonkhano n'kudzimangirira.

Lachiwiri tinali m'holo ya tchalitchi china ndi anthu opuma pa ntchito. Panali khofi wa m'makapu a pepala ndi mipando yachitsulo yopinda, ndipo ambiri anabwera ndi makalata awo a Social Security, penshoni ya boma, m'maenvulopu. Mumzinda uno wa South Bend nkhani ya penshoni si yoseweretsa. Kampani ya magalimoto ya Studebaker itatseka fakitale yake kuno mu December 1963, antchito masauzande analandira kachigawo chabe ka penshoni yawo, ena osalandira kanthu, ndipo zimenezo zinathandiza kuti mu 1974 Congress ikhazikitse lamulo loteteza mapenshoni lotchedwa ERISA. Gogo wina wa tsitsi loyera mbee anaimirira atagwira ndodo, nanena kuti bambo ake anali m'gulu limenelo. Sanafunse funso. Anangoti tidziwe, n'kukhala pansi.

Masamu a Social Security ndi osavuta, chovuta ndi kulimba mtima. Wantchito amadulidwa 6.2 peresenti ya malipiro, bwana wake amaonjezera 6.2 ina, koma msonkhowu uli ndi denga: mu 2024 unkathera pa madola 168,600 pa chaka, zopitirira apo sizinkadulidwa. Oyang'anira thumbali akhala akunena kuti ndalama zosungidwa za okalamba zidzatha cha mu 2033, ndipo pakapanda kusintha kanthu anthu azidzalandira kupitirira pang'ono magawo atatu mwa anayi a zimene analonjezedwa. Njira zake n'zodziwika: kukweza dengalo, kukweza zaka zopumira pa ntchito zomwe zafika kale pa 67 kwa obadwa kuyambira 1960, kapena kudula ndalama zimene okalamba amalandira. Ofuna mipando ambiri amangoti "tidzateteza Social Security" n'kuthawa. Mayiwa anasankha kukweza denga. Msungichuma wathu anakwinya nkhope, chifukwa amene amalemba macheke akuluakulu a kampeni ndi omwewo amalandira kupitirira dengalo. Tinakangana mpaka usiku, koma mfundoyo inakhala. Kwa ine lonjezo limene silikupweteka munthu aliyense silinanene kanthu, ndipo apa m'pamene ndinayamba kuwakhulupirira mayiwa.

Lachitatu linali la mutu waukulu. Ku Elkhart amapanga ma RV, magalimoto okhala ngati nyumba oyendera maulendo, ndipo ambiri a m'dziko lino amachokera kumeneko. Malonda ake akagwa mzinda wonse umagwa nawo. Mu 2009 ulova kumeneko unayandikira 20 peresenti, mpaka Barack Obama anapitako atangolowa m'boma. Eni mafakitale amadana ndi misonkho ya pa chitsulo cholowa kunja, monga ya mu 2018 ya 25 peresenti pa chitsulo ndi 10 pa aluminiyamu, chifukwa imawakwezera mtengo wa zipangizo. Alimi a soya a kumwera kwa dera lathu amakumbukira kuti China inabwezera pa soya wawo chaka chomwecho. Koma a mabungwe a antchito, omwe abale awo ali m'mafakitale a chitsulo ku Gary ndi Burns Harbor, amaiombera m'manja misonkho yomweyo. Onsewa ndi ovota athu.

Mlangizi wina wa ku Indianapolis, yemwe timangomuona pa Zoom, ankafuna tilembe mawu okoma osaluma mbali iliyonse. Ndinakana. Nkhaniyi sinalowe m'zitatu zija, koma tinakonza yankho loona: malamulo oyendetsera dziko amapereka mphamvu ya misonkho yotere kwa Congress, ndipo ndi Congress yomwe inabwereketsa mphamvuyo kwa pulezidenti kudzera m'malamulo ngati Trade Expansion Act ya 1962. Mayiwa adzanena kuti msonkho waukulu uliwonse uzibwerera m'nyumba ya malamulo, aphungu auvotere poyera, aliyense aoneke pomwe waima.

Zina ziwiri sizinavute kwenikweni. Mtengo wa mankhwala unalowa: kuyambira 2023 okalamba a pa Medicare, inshulansi ya boma ya zachipatala, salipira kuposa madola 35 pa mwezi pa insulin, ndipo kampani ya Eli Lilly ya ku Indianapolis inatsitsa yokha mitengo yake chaka chomwecho, koma mayiwa akufuna likhale lamulo la aliyense, osati chifundo cha kampani. Yachitatu ndi Farm Bill, lamulo la zaka zisanu lomwe la 2018 lakhala likungotalikitsidwa. Ndalama zake zoposa magawo atatu mwa anayi zimapita ku SNAP, thandizo logulira chakudya, kotero limamanga mlimi wa chimanga ndi mayi wa m'tauni pa chingwe chimodzi. Malipiro otsikitsitsa a madola 7.25 pa ola, omwe sanasinthe kuyambira 2009, tinawasiya pa tsamba lachiwiri.

Lachinayi madzulo ndinapita kwa anthu akwathu. A Malawi tilipo ambiri ku South Bend, ndipo kunali nsima, nkhuku ndi mpiru m'chipinda chapansi cha nyumba ya banja lina. Amalume ena anatulutsa chikwama kuti aponye kangachepe ka kampeni. Ndinawagwira dzanja. "Pepani amalume, muli ndi green card?" Analibe. Lamulo limalola nzika ndi a green card okha kupereka ndalama, ndipo kuvota n'kwa nzika zokha. Anabweza ndalamazo m'thumba akuseka, nati dziko lokana ndalama sanalionepo.

Anti ena amene amasamalira okalamba usiku sanaseke. Anafunsa za PEPFAR, pulogalamu yomwe inayamba mu 2003 nthawi ya George W. Bush, imene yathandiza kwambiri pa ma ARV ndi zipatala kwathu, ndipo ndalama zake amavomereza ndi aphungu omwewa. Anafunsanso za mapepala a anthu amene akhala kuno zaka zambiri akudula msonkho. Ndinawauza zoona, kuti mayiwa ali ndi maganizo pa zonsezi ndipo adzayankha akafunsidwa, koma m'zitatu zija mulibe. "Ndiye iwe mwana wathu ukuchitamo chiyani mmenemo?" Ndinawapempha kuti asonkhanitse amene ali nzika, abwere pa msonkhano adzafunse okha maikolofoni ili m'manja. Kampeni imawerenga anthu amene afika, ndipo ineyo kunong'oneza mu ofesi sikungapose mizere iwiri ya manesi atavala mayunifolomu.

Lachisanu mtsutso unachitikira m'holo ya sukulu. Zitatu zathu zinatuluka bwino, ya denga ija inaomberedwa m'manja ndi mbali imodzi ya holo. Koma funso limene linadzutsa anthu linali la sitima. Ku Elkhart kuli bwalo lalikulu la sitima za katundu, ndipo sitima zazitali zimaima pa mphambano mpaka ambulansi kuzungulira. Indiana inali ndi lamulo loletsa kutseka msewu kuposa mphindi 10, koma mu 2018 khoti lalikulu la Indiana linagamula kuti nkhani za njanji ndi za Washington. Pa pepala la Lolemba panalibe sitima. Tikutuluka, mayiwa anandiuza kuti pofika Lolemba ndikhale nditawerenga zimene komiti ya Transportation and Infrastructure yachitapo, ndipo ndiwauze ngati zitatu zija zingakhale zinayi.