Sitolo Yathu ya Zisoti Zachitsulo za Asilikali a ku America

Chisoti choyamba ndinachigula pa malonda a katundu wa bambo wina amene anali atangomwalira, kunja kwa mzinda wa South Bend ku Indiana, kumene ine ndi mayi a kunyumba tinakhazikika titachoka kwathu ku Zomba. Chinali m'galaja, chili chagada, chodzaza misomali ndi tizingwe, ndipo ana a malemuwo sankadziwa n'komwe kuti bambo awo anabwera nacho kuchokera kunkhondo. Nditakhuthula misomaliyo ndinaona dzina ndi nambala ya usilikali zolembedwa ndi inki pa lamba wansalu wamkati, ndipo mtima wanga unapita kwa agogo anga, amene anamenya nkhondo mu gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda lotchedwa King's African Rifles koma sanatisiyire ngakhale batani la yunifolomu.

Chisoticho chinali cha mtundu wa M1, umene asilikali a ku America anayamba kuvala mu 1941 m'malo mwa chisoti chooneka ngati beseni chimene anatengera kwa Angerezi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pofika mu 1945 zinali zitapangidwa zoposa 22 miliyoni, zambiri ndi kampani ya McCord ku Detroit, zina ndi kampani ya Schlueter ku St. Louis, ndipo zinagwira ntchito ku Korea ndi ku Vietnam mpaka m'zaka za m'ma 1980, pamene zisoti zopangidwa ndi ulusi wolimba kwambiri wotchedwa Kevlar zinalowa m'malo mwake. M1 ndi zisoti ziwiri zolowetsana: chakunja chachitsulo ndi chamkati chopepuka chokhala ndi malamba, chimene chinkapangidwa ndi makampani ena monga Westinghouse ndi Firestone. N'chifukwa chake msilikali ankatha kuvula chachitsulocho n'kutungira madzi kapena kusambiramo kumaso.

Tinayamba ndi thebulo limodzi pa misika ya Loweruka, kenaka tinachita lendi kachipinda kamene tilimo lero, kokhala ndi mashelefu anayi agalasi. Mayi a kunyumba ndiwo amasunga mabuku a ndalama ndi kujambula zithunzi za zisoti zimene timagulitsa pa intaneti, pamene ine ndimayenda kukafuna katundu, makamaka ku chionetsero chachikulu cha katundu wakale wa asilikali chotchedwa Show of Shows chimene chimachitika ku Louisville, Kentucky, kumayambiriro kwa chaka.

Ntchito yeniyeni pa malonda amenewa ndi kudziwa msinkhu wa chisoti, ndipo zimenezi zimaphunziridwa ndi zala. Ndimayamba ndi mkombero: ngati polumikizira pake pali kutsogolo, chisoticho n'chakale, chifukwa chakumapeto kwa 1944 polumikizirapo anapasamutsira kumbuyo. Mikombero yoyambirira inali ya chitsulo chosachita dzimbiri chimene penti sinkagwirapo bwino, choncho imaoneka yoyera m'mphepete. Kenaka ndimayang'ana tizitsulo tomangirirapo lamba wa pachibwano, popeza toyambirira tinali towotcherera, tosagwedera, ndipo tinkathyoka kawirikawiri, mpaka mu 1943 pamene anayamba kuika togwedera. Penti ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ankaisakaniza ndi tizidutswa ta khungwa la mtengo lotchedwa cork kuti chisoti chisanyezimire, ndipo ukaisisita imamveka mosiyana ndi ya m'zaka zotsatira, imene ankathiramo mchenga. Pomaliza ndimaunika ndi tochi kunsi kwa mlomo wakutsogolo, kumene kuli nambala yodindidwa pa chitsulo.

Ngakhale ndinkadziwa zonsezi, ndinapusitsidwa m'chaka chathu chachiwiri. Wogulitsa wina anandionetsa chisoti cha msilikali wothandiza ovulala, chokhala ndi mitanda yofiira m'mabwalo oyera, ndipo chifukwa chitsulo chake chinali chenicheni cha nthawi ya nkhondo, sindinakayike. Ndinalipira ndalama zimene tinkasungira lendi ya miyezi iwiri. Patapita sabata, mkulu wina amene wasonkhanitsa zisoti kwa zaka zambiri anachiika pansi pa galasi lokulitsa zinthu, n'kundionetsa kuti penti yoyera inalowa m'mikwingwirima yakale ndiponso inakuta dzimbiri, kusonyeza kuti mitandayo inapakidwa posachedwapa. Usiku umenewo sitinagone. Tikanatha kuchigulitsa kwa munthu wina wosadziwa n'kubweza ndalama zathu, koma mayi a kunyumba anakana kwamtuwagalu, ndipo lero ndimawathokoza. Chisoticho chili pa shelefu yapansi ndi chikalata chofotokoza kuti mitanda yake ndi yabodza, ndipo aliyense amene akuyamba kusonkhanitsa zisoti timamulola kuchigwira ndi kuchiyerekeza ndi chenicheni.

Kuchokera nthawi imeneyo chisoti chilichonse chimakhala ndi khadi lonena zimene tatsimikiza, ngakhale zitakhala zotsitsa mtengo, monga pamene chamkati ndi cha nthawi ya Vietnam pomwe chakunja ndi cha 1943. Sitipaka penti yatsopano, sitipala dzimbiri ndi sandipepala, ndipo sitithira mafuta pa malamba achikopa. Timangopukuta fumbi ndi burashi yofewa. Mashelefu tinawaika kutali ndi zenera chifukwa dzuwa limafufutsa nsalu, ndipo chisoti chilichonse chimakhala pa kamtengo kokutidwa ndi nsalu kuti kulemera kwa chitsulo kusadule malamba amene atha zaka 80.

Chisoti choyamba chija sitinachigulitse. Tinalembera kalata mwana wamkazi wa malemuwo kumuuza zimene tinapeza mkati mwake, ndipo iye anabwera kusitolo ndi chithunzi cha bambo ake ali mnyamata, atavala yunifolomu, n'kutipempha kuti tichiike pambali pa chisoticho, pa shelefu yapamwamba moyang'anizana ndi khomo.