Sabata ya kabotolo ka deuterium

Lolemba ndinalowa m'kalasi ya chemistry ndi funso limene ndimalikonda kwambiri: popeza palibe amene angaone ndi maso bond (chimene chimalumikiza maatomu awiri) ikuduka, timadziwa bwanji zimene zikuchitika mkati mwa reaction, pamene makemikolo akusintha n'kukhala ena? Ophunzira anga a chaka chachitatu anangoti zii. Kunja chiperoni chinali chitakuta minda ya tiyi.

Ndinayambira pa zimene amaziona kuno ku Thyolo. Otchola tiyi akhoza kudzaza madengu mofulumira, koma ngati sikelo ili imodzi, tsamba limachoka m'munda pa liwiro la munthu wa pa sikeloyo. Reaction nayonso nthawi zambiri imakhala ndi sitepe imodzi imene imachedwetsa zonse, ndipo ntchito yathu ndi kuipeza.

Apa ndi pamene deuterium imatithandiza. Ndi hydrogen yomweyo, kungoti ndi yolemera kawiri chifukwa ili ndi neutron. Harold Urey anaitulukira mu 1931 ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1934. Bond ya kaboni ndi hydrogen (C–H) imanjenjemera pa 2,900 cm⁻¹ kapena chapompo, pamene ya kaboni ndi deuterium (C–D) imanjenjemera pang'onopang'ono, cha pa 2,100. Choncho C–D imakhala pansi kwambiri m'dzenje la mphamvu, ndipo kuti iduke pamafunika mphamvu zoonjezera. Ngati bond imeneyi imaduka pa sitepe yochedwa ija, kuikapo deuterium kumachedwetsa reaction pafupifupi ka 7 pa 25 °C. Analemba zonsezi m'makope, koma nkhope zawo zinkaoneka kuti sizinalowe.

Zinalowa Lachitatu mu labotale. Mkulu wa labotale anatsekula kabati yokiya natulutsa kabotolo kakang'ono ka acetone-d6 (acetone yokhala ndi deuterium m'malo mwa hydrogen), kamene takhala tikukasunga mosamala chifukwa n'kodula. Gulu lililonse linakonza machubu awiri: ina ya acetone wamba, ina ya acetone ya deuterium, zonse ndi asidi ndi iodine wofanana. Chifukwa cha kuzizira tinaziviika m'madzi a 25 °C. Iodine ikamatha mu reaction, mtundu wake umachoka. Chubu choyamba chinachoka pa bulauni, n'kukhala chachikasu, kenako n'kuyera mbee. Chachiwiri chinangoti duu, mtundu uli womwewo.

Mtsikana wina anabwera ali ndi nkhawa. "Aphunzitsi, kapena ndaiwala kuthira asidi?"

"Ayi, mwathira, ndinakuonani. Ingodikirani, ndipo wotchi musaimitse."

Anakhala pa situlu, chibwano chili m'manja, maso ali pa chubu. Mtundu utayamba kuchoka anagawa nthawi ziwirizo pa kakyuleta, n'kundiyang'ana. "Ndiye kuti chimene chimachedwetsa si iodine, koma kuchotsa hydrogen pa kaboni." Palibe anamuuza. Wasayansi wina, Arthur Lapworth, anaona kale mu 1904 kuti kuchulukitsa bromine, mbale wake wa iodine, sikufulumizitsa reaction ya acetone, koma ine mtima wanga unadzaza poona mwanayu akufika pa mfundo ngati imeneyi ndi manja ake.

Lachinayi ndinawasokoneza mwadala. Ndinawauza za Lars Melander wa ku Sweden, amene cha m'ma 1950 anagwiritsa ntchito tritium (hydrogen yolemera katatu) pofufuza nitration ya benzene, reaction imene gulu la nitro limalowa m'malo mwa hydrogen, koma sanapeze kusiyana kwenikweni pa liwiro. Mnyamata wina anati ndiye kuti kafukufukuyo analephera. Ndinakana. Hydrogen imachokadi pa benzene, koma imachoka sitepe yovuta itadutsa kale, ndipo Melander anadziwa zimenezi chifukwa choti liwiro silinasinthe. Mfundo iyi ndimaikakamira chaka chilichonse, poti ophunzira athu anazolowera kuganiza kuti zikapanda kusintha ndiye kuti walakwitsa.

Lachisanu ndinabwera ndi masamba a tiyi ochepa ndi nyemba za soya m'thumba. Ndinawauza kuti afinye tsamba ndi zala, anunkhize. Fungo la msipu lija limayamba ndi enzyme (puloteni yofulumizitsa reaction) yotchedwa lipoxygenase, imene imachotsa hydrogen pa mafuta a m'tsamba. Pa lipoxygenase ya m'soya, imene Judith Klinman wa ku yunivesite ya Berkeley ku America anaifufuza kwa zaka zambiri, deuterium imachedwetsa reaction pafupifupi ka 80. Nambala imeneyi kulemera kokha sikungaifotokoze. Hydrogen sikwera phiri la mphamvu, imaboola n'kutulukira mbali inayo, zimene timazitcha tunnelling.

Belu litalira, mtsikana uja anatsalira, tsamba lidakali m'manja, n'kufunsa ngati m'kabotolo muja mwatsala acetone yokwanira kuti ayesenso pa 35 °C. Tinapita limodzi kukaona. Yatsala yokwanira chubu chimodzi, ndipo tapangana Lachiwiri m'mawa.