Lisa Carrington ndi nkhani ina abale

Dzulo ndagona mochedwa kuonera ma video a Lisa Carrington mpaka bando kutha, ndipo sindikudandaula olo pang'ono. Mayi ameneyu ndi wa ku New Zealand, amapalasa kayak, kabwato kowonda zedi koti ungopendekeka pang'ono basi wamwa madzi, koma iyeyo amakhala nji, nkhafi ya mbali ziwiri ija ikungoti uku uku, mamita 200 kuwadya m'masekondi pafupifupi 40 basi.

Golide woyamba wa ma Olympics anatenga ku London mu 2012, ku Rio mu 2016 anabwerezanso n'kuonjezera bronze, ku Tokyo anakokolola atatu. Kenako mpikisano wake wa 200 uja anauchotsa ku ma Olympics ndiye ine ndinkati eee apa zake zada. Kunama! Ku Paris mu 2024 ali ndi zaka 35 anatenganso atatu pa mamita 500, wina ali yekha, wina ndi Alicia Hoskin, winayo ali anayi m'bwato. Magolide 8 munthu mmodzi, inu. Ine mikono ikundiwawa ndi kuonera komweku kkkk