Chevelle yofiira ija yandidwalitsa mutu sabata yonse

Sabata imeneyi ndatopa ngati ndimasenza matumba a simenti pomwe ntchito yanga ndi yongoyang'ana galimoto nkulemba mtengo papepala. Amene simukundidziwa, ndili kuno ku Indiana kufupi ndi South Bend, ndimagwira pamalo ena ogulitsa galimoto zakale zija Amereka amazitcha muscle car, za m'ma 1964 mpaka cha mu 1972. Munthu amabweretsa galimoto yake kuti timugulitsire kapena akufuna pepala lopita nalo ku inshulansi, ine ndiye ndimalowa pansi ndi tochi, kuwerenga manambala, kenako kusaina kuti ndi ya ndalama zakuti. Umakaniko ndinayambira pa magalaja a ku Ndirande, nthawi imeneyo sindinkaganizako kuti tsiku lina ndidzakangana ndi bwana chifukwa cha zilembo zitatu zokhomedwa pa injini.

Nyengo ino ndi yotanganidwa chifukwa okushoni yaikulu ya Mecum ku Indianapolis imachitika mu May ndiye aliyense amene galimoto yake inagona m'galaja nyengo yozizira yonse wadzuka akufuna kudziwa kuti ingapite pa zingati. Lolemba kunabwera Mustang Mach 1 ya 1969, imeneyo inali yosavuta, ma Ford sativutitsa chifukwa chilembo chachisanu cha VIN, nambala ya chesisi ija, chimakuuziratu injini, iyi inali M kutanthauza injini ya ma cubic inch 351, Marti Report, pepala lochokera m'mabuku a Ford losonyeza mmene galimoto inatulukira kufakitale, mwini wake anali nayo kale, zonse zikugwirizana, ndinamaliza nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Lachiwiri GTO ya 1967 yochokera ku Michigan. VIN yoyamba ndi 242 bwinobwino, GTO yeniyeni, koma dzimbiri abale, mchere umene amathira m'misewu nthawi ya sinowo unaidya pansi pa buti mpaka chala kulowa. Mwini wake anabwera ndi foni akundionetsa GTO imene inagulitsidwa pa okushoni ya Barrett-Jackson ku Scottsdale, Arizona, ndinangomuuza kuti bambo ijatu yakulira ku Arizona komwe kulibe mchere, yanuyi ili pa 4 pa muyezo wa Hagerty woonera mmene galimoto ilili, pomwe 1 ndi yabwino koposa ndipo 4 ndi yotsika, ija inali pa 1. Anapita atakwinya nkhope koma zimenezo ndazolowera.

Ndiye Lachitatu.

Ndikufika m'mawa ndapeza Chevrolet Chevelle ya 1970 itaimikidwa kale kutsogolo pagalasi, yofiira ngati phwetekere wa ku Ntcheu, mizere iwiri yakuda pabonati, bonati ya cowl induction yolowetsa mpweya ku injini, mabaji a SS 454 mbali zonse. Bwana aika kale chikwangwani cholembedwa LS6, numbers matching, 145,000 dollars, kutanthauza kuti ili ndi LS6, injini ya 454 yamphamvu koposa ija, ndipo injiniyo ndi yomwe inatuluka nayo kufakitale, manambala akugwirizana. Ine sindinaigwire nkomwe. Akuti iwe ungoiona mwachangu usaine, mapepala alipo onse, mwini wake ndi madala abwinobwino sanganame. Madalawo analipo, atakhala pampando wa alendo ndi khofi, munthu wa zaka za m'ma 70, anagwira ntchito mufakitale moyo wake wonse, atanyamula fayilo yonenepa ya malisiti ataikumbatira ngati mwana.

Anzanga a ntchito imeneyi mukudziwa kale vuto la Chevelle ya 1970. Kuyambira 1966 mpaka 1968 SS, Chevelle yamphamvu ija, inali ndi VIN yakeyake yoyamba ndi 138, ukangoona ndiye basi wadziwa. Kuyambira 1969 anaisandutsa opushoni chabe pa Malibu, yomwe ndi Chevelle wamba, ndiye ya 1970 VIN imangoti 13637, kaya ndi Malibu ya agogo yopitira kutchalitchi ya injini yaing'ono ya 307 kaya ndi LS6 ya mahosipawa 450, nambala ndi imodzimodzi. Ma LS6 anapangidwa 4,475 okha chaka chimenecho kuphatikiza ndi mapikapu a El Camino, koma ukazungulira mashowo lero umadabwa kuti kodi zikuswana. Bonati, mabaji, dashibodi ya mageji ozungulira, zonsezo ukhoza kuoda pa intaneti nkufika pakhomo sabata yomweyo.

Poyamba ndinafuna kuikweza pa lifiti. Lifiti yathu yachiwiri ikudontha oyilo wa haidiroliki kuyambira January ndipo bwana akungoti tikonza mwezi wamawa, inayo inali ndi pikapu ya mlamu wawo imene yakhala pamenepo masiku anayi kudikira sipeya. Kachipangizo koyezera makulidwe a penti kanafa chaka chatha, mpaka lero ndikugwiritsa ntchito maginito wa pa filiji nditamukulunga kansalu, malo ogulitsa galimoto za madola zikwi mazanamazana eti. Ndinangotenga jeki ndi katoni nkugona pansi pasimenti wozizira ngati ndili pa Ndirande pomwe.

Bodi inali yabwino, izi ndivomere. Maginito anagwira paliponse kupatula kumunsi kwa fenda yakumbuyo kumanja komwe kuli fila pang'ono, felemu yopanda dzimbiri, difu ya mabawuti 12, giyabokosi ya Muncie ya magiya anayi. Amene anaimanga ankadziwa ntchito. Mtima unayamba kukhala pansi kuti mwina lero ndilibe nkhani.

Ndinatsegula bonati nkuwalitsa tochi pa kamalo kafulati kaja kali kutsogolo kwa hedi ya mbali ya pasenja, pamene fakitale imakhoma nambala. Panalembedwa CRV, yomwe ndi kodi ya LS6 ya manyuwelo, ndipo manambala omaliza a VIN analiponso. Koma nditapukuta ndi thina nkupendeketsa tochi kuti kuwala kudutse chammbali, timizere towongoka tija makina a fakitale amasiya pachitsulo, toyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, panalibe. M'malo mwake panali timizere tokhota ngati uta, chizindikiro choti bulokoyo inapalidwa ku mashini shopu. Komanso zilembozo zinali zooneka bwino mopitirira, zakuya mofanana zonse ngati zosindikiza pa kompyuta, pomwe anyamata a pafakitale ankakhoma mothamanga, china chimazama china chimangokhudza. Izi pazokha si umboni, injini zambiri zimapalidwa pokonzedwa. Ndiye ndinakwera pa fenda nditayala bulangete, kutenga kagalasi ka pandodo, kupinda khosi kumbuyo kwa injini komwe kuli nambala youmbidwira pachitsulo penipenipo, imene sungaifufute ndi nyundo. Buloko ya 454 ya 1970 imayenera kukhala 3963512. Iyi inali nambala ina, ndipo deti yake ikuonetsa 1973. Kachitsulo ka fakitale kokhomedwa pa bodi kuseri kwa injini kakuti bodi inapangidwa 03B, sabata yachiwiri ya March 1970. Injini ibadwe zaka zitatu galimoto ili kale pamsewu, nkumati inatuluka nayo kufakitale?

Chimene chinandimaliza ndi fayawo, khoma lachitsulo lija lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Mbali ya pasenja, pansi pa penti wakuda, ndikuyendetsa chala ndinamva kamzere, nditayang'ana mkati pansi pa dashibodi ndinaona chigamba chowotcherera potseka bowo lalikulu la eyakoni. LS6 sinkatuluka ndi eyakoni, Chevrolet sankalola, injini ya ma solid lifter yokwera mpaka 6,500 rpm inkangotaya malamba. Galimoto iyi inabadwa ndi eyakoni. Chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere, ndinangokhala pakatoni paja kwa mphindi zingapo osafuna kudzuka chifukwa ndimadziwa kuti madala aja akundiyang'ana pagalasi.

Build sheet yawo, pepala la fakitale lolemba zonse zimene galimoto inatuluka nazo, anaiika mu pulasitiki. Yeniyeni imapezeka pamwamba pa thanki ya mafuta kapena itapanikizidwa m'masipuling'i a mpando wakumbuyo, imakhala yong'ambikang'ambika, ya madontho a dzimbiri molondola mmene sipuling'i inagonera. Iyi inali yachikasu mofanana kona mpaka kona ngati anaiviika mu tiyi, yopanda bowo ngakhale limodzi.

Ndinayamba kaye kwa bwana mu ofesi nkutseka chitseko. Ndinawaonetsa zithunzi. Anayang'ana kamodzi nkundibwezera foni, akuti injini zimasinthidwa, ma LS6 ambiri anaphulitsa injini m'zaka zoyambirira nkuikidwa zina pa waranti. Ndinati zoona bwana koma ya waranti imakhomedwa zilembo CE, siikhala ndi VIN yokhomedwa dzulo, nanga eyakoniyo? Akuti chabwino chotsa mawu oti numbers matching ulembe kuti ikukhulupiriridwa kuti ndi LS6, wogula akafufuze yekha. Ndinati ikukhulupiriridwa ndi ndani poti ine sindikukhulupirira. Apa ndiye mawu anakwera, akuti iwe sukudziwa kuti lendi ya malo ano ndi zingati, sukudziwa kuti malipiro ako amachokera pa komishoni, ndipo komishoni ya 145,000 ndi ya 60,000 ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndikudziwa bwinobwino. Koma siginecha imene imapita ku inshulansi ndi kubanki ndi yanga, tsiku limene wogula adzabweretse katswiri wake nkupeza chigamba chija loya adzafuna dzina limene lili pansi pa pepala, bwana adzangoti ine ndinadalira wantchito wanga. Ndinaziona kale zimenezi zikuchitikira mnzanga wina kwinakwake, mpaka lero sagwiranso ntchito ya galimoto.

Kuwauza madala aja ndiye kunali kowawa kuposa kukangana ndi bwana. Ndinawatengera pa galimoto pomwepo, kuwapatsa tochi ndi kagalasi kuti aone okha, maso awo ndi ofooka ndiye ndinajambula nkukulitsa pa foni. Anakhala chete nthawi yaitali kenako akuti mwana wanga, ndinaigula 2007 pa 95,000, ndinatapa ndalama za penshoni, mayi akunyumba anakwiya chaka chathunthu. Anaigula kwa munthu wamba pa showo ina, munthuyo anamwalira kalekale. Zaka zonsezi akhala akuipukuta Lamlungu lililonse, kupita nayo kumashowo, makapu awiri anawina alinso mu fayilo momwemo pazithunzi, palibe anawauzapo. Pano akufuna kugulitsa chifukwa mayiwo akudwala akufunika kumalo osamalira okalamba, ndipo amene muli kuno mukudziwa mitengo ya malo amenewo, ambirife achibale athu amagwira komweko.

Anandifunsa kuti ndiye ndi ya zingati. Mtengo wa galimoto ngati iyi sumautenga pa zimene anthu akutchula pa malonda, munthu akhoza kutchula chilichonse, umatenga pa zimene zagulidwadi. Usiku umenewo ndinakhala mpaka 11 koloko pa kompyuta yanga yakunyumba, poti ya kuntchito sabusikiripushoni ya mitengo inatha sanalipire, kufufuza pa Bring a Trailer, okushoni ya pa intaneti ija, ndi zotsatira za maokushoni ma Chevelle a 1970 amene ogulitsa ananena poyera kuti ndi Malibu yovekedwa za SS, a 454, magiya anayi, a miyezi 12 yapitayi. Umachotsa ija inakwera mopenga chifukwa anthu awiri olemera analimbirana atamwa, umachotsanso yotsikitsitsa, umakumbukira kuti mtengo wa okushoni uli ndi fizi ya wogula pafupifupi 10 peresenti imene mwini galimoto saiona. Iyi penti ndi mkati zili pakati pa 2 ndi 3 pa muyezo wa Hagerty uja, mtundu wake ndi umene anthu amaufuna, imayenda bwino. Ndinachotsako pang'ono chifukwa cha fila uja ndi matayala a zaka 14. Mailosi sindinawawerengere nkomwe, mita ya manambala asanu imabwerera pa ziro ikadutsa 99,999 ndiye 41,000 imene ikuonekayo ikhoza kukhala chilichonse, zofanana ndi zija timapusitsidwa nazo pa ma ex-Japan kumudzi. Ndinalemba 58,000, ndipo ndinaonjezera mzere woti nambala ya pa injini si ya fakitale, isagwiritsidwe ntchito potsatsa.

Lachinayi bwana sanandiyankhule tsiku lonse. Anandituma kukajambula zithunzi za Road Runner ya 383 ndi kutsuka mawilo ake, ntchito ya mnyamata wa ganyu. Road Runner yake ndi yabwino, fender tag, kachitsulo ka makodi a fakitale, ikugwirizana ndi VIN, ndinangoona mwa chizolowezi ngakhale palibe anandifunsa. Lachisanu kunabwera mayi wina ndi Nova ya malemu mchimwene wake, ya masilinda 6, amaganiza kuti ndi chuma chifukwa ndi yakale, ndinamufotokozera mofatsa ndipo anaseka yekha, tinasiyana bwino. Chikwangwani cha pa Chevelle chinachotsedwa Lachisanu masana, osati chifukwa bwana asintha mtima koma madala aja anaimba foni okha kuti musaigulitse ndi dzina limenelo, sindikufuna wina adzamve zimene ndamva ine.

Loweruka m'mawa anabwera ndi mdzukulu wawo kudzaitenga, akuti akaganize kaye kunyumba. Ndinawathandiza kuiliza, 454 ija inagunda mpaka magalasi a ofesi kunjenjemera, ya 1973 kapena ayi imalira mokoma. Anatsitsa windo nkundipatsa dzanja, sananene kanthu, mdzukuluyo ndi amene anandifunsa chapansipansi ngati pepala langa la 58,000 angapite nalo ku inshulansi kuti atsitse zimene agogo akhala akulipira pa mtengo wa LS6 zaka zonsezi. Ndinati pitani nalo Lolemba lomwe.

Lifiti ikudonthabe, ndaika chidebe pansi. Lolemba kukubwera Camaro ya 1969 akuti ndi Z/28, mtundu wake wamjaha wodula uja, inanso yoti VIN siikuuza kanthu, ndipo bwana anena kale kuti imeneyo aiona okha.